MUDZI WOYENDA PAMSEU: MBIRI YA MABANDI A JAM NDI OWATSATA

Pa 28 Julayi 1973, anthu pafupifupi 600,000 adasonkhana pa bwalo lochitirapo mpikisano wa magalimoto ku Watkins Glen, m'chigawo cha New York ku America, kudzamvera mabandi atatu okha: Grateful Dead, The Band ndi Allman Brothers Band. Matikiti amene adagulitsidwa adali 150,000 chabe, iliyonse pa mtengo wa madola 10; namtindi wotsalawo udangobwera nkulowa. Miseu itatsekeka, anthu ambiri adasiya magalimoto ao m'mphepete mwa mseu nauyamba wapansi. Chodabwitsa nchakuti pa nthawiyo Grateful Dead, bandi imene idatsegula bwalo tsikulo, idali isanatulutsepo nyimbo ngakhale imodzi yolowa m'gulu la nyimbo 40 zotchuka kwambiri m'dzikomo.

Tsono anthu onsewo chidawakoka nchiyani? Funsoli limakula tikamva kuti ena mwa iwo adasanduka otsata bandiyo mzinda ndi mzinda, chaka ndi chaka, mpaka kuionerera maulendo oposa 100. M'nkhani ino ndifuna kuonetsa kuti chimene chidayendetsa anthuwa ndi kaimbidwe kamene sikabwereza zadzulo, kuti kaimbidweko kadabala mudzi woyenda pamseu wokhala ndi miyambo yakeyake, ndi kuti mudziwo udasautsidwa ndi funso limodzi kuyambira pachiyambi: kodi nyimbo ndi za aliyense, kapena ndi za amene walipira pakhomo?

KAIMBIDWE KOSABWEREZA ZADZULO

Mau akuti jam adafala ndi oimba nyimbo za jazz. Tanthauzo lake ndi kuimba kosakonzeratu: oimba amagwirizana poyambira ndi pothera nyimbo, koma zapakati aliyense amapeka pomwepo, khutu lili kwa mnzake. Yense amene adaonapo woomba ng'oma yaikulu akutsata mapazi a wovina m'bwalo, wovinayonso akutsata ng'oma, savutika kumvetsa zimenezi. Dzina lakuti jam band lidatchuka mochedwa, m'zaka za m'ma 1990, koma mchitidwewo ngwakale.

Grateful Dead idabadwa m'chaka cha 1965 m'dera la Palo Alto ku California, ndipo poyamba inkatchedwa Warlocks. Anyamata asanu amene adaiyambitsa adachokera m'nyimbo zosiyanasiyana. Jerry Garcia adali katswiri wa banjo m'nyimbo za kumidzi zotchedwa bluegrass. Ron McKernan, mwana wa muulutsi wa pa wailesi amene ankaika nyimbo za anthu akuda, adakulira m'nyimbo za blues. Phil Lesh ankaliza lipenga ndipo adaphunzirapo kapekedwe ka nyimbo kwa Mtaliyana Luciano Berio. Gitala ya besi adayamba kuigwira polowa m'bandimo. Bob Weir, wamng'ono pa onse, ankaimba gitala, ndipo Bill Kreutzmann adali pa ng'oma. Mu 1967 Mickey Hart adadzakhala woomba ng'oma wachiwiri. Anthu osiyana chotere sakadatha kuimba ngati asilikali pa perete. Adayenera kumverana.

Kumapeto kwa 1965 ndi kumayambiriro kwa 1966, bandiyi inkaimba m'maphwando a mlembi Ken Kesey otchedwa Acid Tests. Kumeneko anthu ankamwa mankhwala ozunguza bongo a LSD, amene boma la California silidawaletse kufikira Okutobala 1966. Padalibe wobwera kudzamva nyimbo ya mphindi zitatu nkuomba m'manja, kotero oimbawo adazolowera kuitambasula nyimbo mpaka pamene yathera yokha. Chitsanzo ndi nyimbo yao yotchedwa Dark Star. Pa kachimbale ka 1968 siidakwane mphindi zitatu, koma pa chimbale cha Live/Dead cha 1969, chojambulidwa pamaso pa anthu, idatenga mphindi 23, mbali yonse ya chimbalecho.

Apa ndiye pagona nkhani. Bandi yoimba nyimbo zomwezomwezo usiku uliwonse, mwa njira yomweyomweyo, munthu ukaiona kamodzi wathana nayo. Koma Grateful Dead idaimba pafupifupi maulendo 2,300 pakati pa 1965 ndi 1995, ndipo mndandanda wa nyimbo unkasintha tsiku ndi tsiku. M'zaka za m'ma 1980, ikakhala mumzinda umodzi masiku atatu, kawirikawiri siinkabwereza nyimbo. Ndiponso si usiku uliwonse umene zinkayenda bwino: masiku ena oimbawo ankasochera, kuiwala mau, kapena kuimba mofooka, ndipo owatsata ankadziwa zimenezo. Popeza padalibe wodziwiratu usiku umene ng'oma idzalire bwino, wofuna kuupeza usikuwo adayenera kupezeka pa mausiku onse. Ulendo udayambira pamenepo.

MABANDI PA ULENDO UMODZI

Kaimbidwe kotere kali ndi malo a mlendo. Woimba wa bandi ina angathe kukwera pansanja nkulowa m'nyimbo osaiphunzira kale. Nchifukwa chake mabandi amenewa akhala okonda kuyendera limodzi. Ulendo wotchuka wa mtundu umenewu udachitika ku Canada pakati pa chaka cha 1970, ndipo umadziwika ndi dzina lakuti Festival Express. Okonza ulendowo adabwereka sitima yapamtunda nakwezamo Grateful Dead, The Band, Janis Joplin, Buddy Guy ndi ena ambiri, kuti akaimbe ku Toronto, Winnipeg ndi Calgary. M'mabogi ena adaikamo ng'oma ndi zokuzira mau, kotero kuti oimba ankaimba usana ndi usiku sitima ili pa liwiro. Mowa utatha, sitimayo idaima ku Saskatoon, oimbawo nasonkherana ndalama kukagula wina. Janis Joplin adamwalira miyezi itatu pambuyo pake, mu Okutobala 1970, ndipo kanema wa ulendowo adadzatuluka mu 2003.

Koma pa ulendo womwewo funso lija lidaonekera. Ku Toronto, gulu la achinyamata lidakana mtengo wa madola 14, likuti nyimbo ndi za anthu ndipo ziyenera kukhala zaulere. Ena adayesa kulumpha mpanda, ndipo padabuka chipwirikiti ndi apolisi. Garcia adathandiza kuziziritsa zinthu pokonza kuti oimba ena akaimbe mwaulere m'paki ina ya mumzindamo. Mtendere udabwera, koma okonza ulendowo adatayapo ndalama zambiri. Patapita zaka zitatu, ku Watkins Glen, mwa anthu anai alionse atatu adalowa osalipira. Kumeneko zidatha bwino: ngakhale kuyesa zida kwa dzulo lake kudasanduka dansi yeniyeni pamaso pa amene adafika msanga, ndipo usiku wa tsikulo oimba a mabandi atatuwo adatsekera limodzi pansanja.

Kunena zoona, nyimbozo sizidali zaulere kwa oziimba. Mu 1974 Grateful Dead inkayenda ndi chikhoma cha zokuzira mau chotchedwa Wall of Sound, chimene adachiganiza ndi Owsley Stanley. Chidali ndi zokuzira mau pafupifupi 600 ndipo chinkalemera matani ngati 75. Kuchinyamula pa malole ndi kulipira ochimanga kudadya ndalama zochuluka, ndipo ichi chidali chimodzi mwa zifukwa zimene bandiyo idalekera maulendo mu Okutobala 1974, osayambiranso mpaka Juni 1976.

MMENE MUDZI UDAMANGIDWIRA

Khamu si mudzi. Kuti khamu lisanduke mudzi pafunika kudziwana, ndipo bandiyo idachitapo zinthu zitatu zimene mabandi ena sankaziganiza. Choyamba, m'chikuto cha chimbale chao cha 1971 adaikamo uthenga wopempha owakonda kuti atumize maina ndi makeyala ao. Maina zikwizikwi adafika, ndipo ofesi ya bandiyo idayamba kutumiza makalata ouza anthu za maulendo. Dzina lakuti Deadheads, kutanthauza otsata bandiyi, lidakhazikika m'nyengo imeneyi.

Chachiwiri ndi nkhani ya matepi. Makampani a zimbale ankaona munthu wojambula nyimbo pa dansi ngati mbala. Grateful Dead idayamba ndi kungotsinzina, kenaka mu Okutobala 1984, ku Berkeley, idapatula malo apadera kumbuyo kwa osakaniza mau kuti ojambula aziimikapo zida zao. Lamulo lidali limodzi: tepi ndi yosinthana, si yogulitsa. Makaseti adayenda pa positi kuchoka m'manja kupita m'manja, aliyense atalembedwa tsiku ndi malo. Ena adaona ngati bandiyo ikudzibera yokha, koma zotsatira zake zidatsutsa maganizo amenewo. Munthu akamva matepi awiri a nyimbo imodzi nazindikira kuti akusiyana ngati usana ndi usiku, ankafuna kukadzionera yekha. Tepi ya dansi ya pa 8 Meyi 1977 ku Cornell University idatchuka mwa njira imeneyi, mpaka Library of Congress idaiika m'kaundula wa zojambulidwa zofunika kusungidwa mu 2012, kudakali zaka zisanu kuti bandiyo iyambe kuigulitsa pa chimbale.

Chachitatu, mu 1983 bandiyo idatsegula ofesi yakeyake yogulitsa matikiti kudzera pa positi, kuti owatsata enieni asamaberedwe ndi ogula matikiti ambiri nkumawagulitsa mokwera. Opempha matikiti ankakongoletsa maenvulopu ao ndi zojambula poyembekeza kuti aonedwa msanga, ndipo ambiri mwa maenvulopuwo adasungidwa ku University of California, Santa Cruz, kumene bandiyo idapereka zolembedwa zake mu 2008.

Zina zonse adazimanga ndi otsatawo. M'zaka za m'ma 1980 bandiyo inkayenda kawirikawiri maulendo atatu pachaka, ndipo pambuyo pake pankatsata mdipiti wa timabasi ta Volkswagen ndi mabasi akale a sukulu. Pamalo oimikapo magalimoto pankabadwa msika umene adautcha Shakedown Street, potengera dzina la chimbale cha 1978. Pamenepo ankagulitsa buledi wokazinga ndi tchizi, malaya onyikidwa mu utoto wamawangamawanga, mikanda ndi mowa, komanso chamba ndi LSD. Phindu la lero linkagula petulo ndi tikiti ya mawa. Wopanda tikiti ankayenda atakweza chala chimodzi m'mwamba, kudikira chimene iwo ankachitcha chozizwitsa, ndiye kuti munthu wosamdziwa ampatse tikiti kwaulere. Amene adaleka mowa ndi mankhwala adapanga gulu lao la Wharf Rats, lomwe linkakumana pa nthawi yopumula pansi pa zibaluni zachikasu. Ena adafika ngakhale ku Egypt mu Seputembala 1978, pamene bandiyo idaimba masiku atatu pafupi ndi mapiramidi a ku Giza pamodzi ndi Hamza El Din, woimba wa ku Nubia.

Tisaganize kuti onse adali osowa pokhala. Ambiri adali ophunzira ndi anthu apantchito amene ankangopatula sabata imodzi kapena ziwiri; oyenda ulendo wonse adali ochepa. Tiyeneranso kunena kuti ngakhale mizu ya nyimbozi ili mu blues ndi jazz za anthu akuda, mudziwo udali wa azungu makamaka, ambiri ochokera m'mabanja opezako bwino. Kugona m'galimoto mwa kufuna kwako nkosiyana ndi kugonamo chifukwa chosowa nyumba. Komabe mudziwo udali ndi mwambo wokwanira kuuphunzira pa sukulu yaukachenjede: mu 1989 mphunzitsi Rebecca Adams wa ku University of North Carolina ku Greensboro adatenga ophunzira 21 nayenda nao pambuyo pa bandiyo monga gawo la maphunziro a za chikhalidwe cha anthu.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Mu Julayi 1986 Garcia adakomoka masiku angapo ndi matenda a shuga. Atachira, bandiyo idatulutsa chimbale cha In the Dark mu 1987, ndipo nyimbo yake ya Touch of Grey idafika pa nambala 9, kutchuka kumene sadakuonepo m'zaka 22. Anthu atsopano adakhamukira ku madansi, ndipo ambiri mwa iwo sadabwerere nyimbo koma msika uja ndi zoledzeretsa zake. Kale mlendo ankaphunzira mwambo poona akale, monga kutola zinyalala ndi kulemekeza eni mzinda. Tsopano alendo adachuluka kuposa eni mudzi, ndipo mudzi wopanda mfumu udalibe njira yowalangizira.

Eni mizinda adayamba kudandaula za zinyalala, phokoso ndi anthu ogona m'mabwalo a nyumba zao, ndipo malo ena amene bandiyo idazolowera adaikana. Mu 1989 bandiyo idaletsa kugona ndi kugulitsa malonda kunja kwa mabwalo oimbira. Mu Okutobala chaka chomwecho, ku Hampton m'chigawo cha Virginia, idachita kubisala m'dzina lake lakale la Warlocks nkulengeza dansi kutatsala masiku ochepa, pofuna kuchepetsa khamu. Boma nalo lidalowererapo. Lamulo la 1986 lidaika zaka zisanu za ndende kwa wopezeka akugulitsa galamu imodzi ya LSD, ndi zaka 10 pa magalamu 10, ndipo mu 1991 Khoti Lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Chapman, lidagamula kuti poyeza kulemerako aziphatikiza ndi pepala limene mankhwalawo adonthezedwapo. Popeza pepala limalemera kwambiri kuposa mankhwala ake, achinyamata ambiri otsata bandiyi adalandira zilango zazitali.

Oimbawo naonso adakodwa. Mu 1991 bandi yao idaposa ena onse ku America pa ndalama za matikiti, koma antchito ambiri ndi mabanja ao ankadalira maulendowo, kotero kupumula kudali kovuta ngakhale thanzi la Garcia, amene adagwidwa ndi chizolowezi cha heroin, linkaonekeratu kuti likutha. Ulendo wa pakati pa 1995 ndiwo udaulula zonse. Ku Highgate m'chigawo cha Vermont, kumene adaimba ndi Bob Dylan, zipata zidatsegulidwa chifukwa cha kuchuluka kwa opanda matikiti. Pa 2 Julayi, ku Deer Creek m'chigawo cha Indiana, khamu lidathyola mpanda nkulowa, ena a m'kati akuliombera m'manja. Dansi ya mawa lake idalephereka, ndipo oimbawo adalembera owatsata kalata yowachenjeza kuti zimenezi zikapitirira maulendo atha. Garcia yemwe adapezera olumpha mpanda nyimbo zaulere ku Toronto mu 1970 adali mmodzi mwa osaina kalatayo. Patangopita masiku ochepa, khonde la pamalo ena ogona ku Missouri lidagwa nkuvulaza anthu oposa 100. Dansi yomaliza idachitika pa 9 Julayi ku Soldier Field mumzinda wa Chicago, ndipo otsegula bwalo adali The Band, anzao a m'sitima ija. Garcia adamwalira pa 9 Ogasiti 1995 ali ndi zaka 53, ndipo mu Disembala otsalawo adaligoneka dzina la bandiyo.

OLOWA M'MALO

Mwambowo sudafe, chifukwa mbeu idali itamera kale. Mu 1992 John Popper wa bandi ya Blues Traveler adasonkhanitsa mabandi achinyamata a kaimbidwe komweka: Phish, Widespread Panic, Spin Doctors, Aquarium Rescue Unit, ndi Béla Fleck and the Flecktones. Vuto lao lidali limodzi. Iliyonse payokha inkadzaza timaholo tating'ono, koma siikadatha kudzaza mabwalo akuluakulu apanja. Mutu umodzi susenza denga: ataphatikiza owatsata ao adayenda ulendo umodzi wotchedwa H.O.R.D.E., umene udachitika chaka ndi chaka mpaka 1998. Mabandi a kumpoto adadziwika kumwera, a kumwera nadziwika kumpoto, ndipo oimba ankalowerana m'nyimbo monga zidaliri m'sitima ya ku Canada.

Pa mabandi onsewa, Phish ndiyo idatengera kwambiri khamu loyenda. Idayambira pa University of Vermont mu 1983, ndipo nayonso idalola matepi ndi kugulitsa matikiti pa positi. Pa nkhani ya mpanda idapeza nzeru ina. M'malo moti mudzi uzikakamira m'mizinda ya eni, bandiyo idayamba kubwereka malo akutali, kumangako misasa, zimbudzi ndi msika, nkuitana anthu kuti adzakhale masiku awiri kapena atatu. Mu Ogasiti 1996 anthu pafupifupi 70,000 adafika pa bwalo lakale la ndege zankhondo ku Plattsburgh. Usiku wolowera chaka cha 2000, ku Big Cypress m'chigawo cha Florida, m'dziko la mtundu wa Seminole, Phish idaimba kuyambira pakati pa usiku mpaka dzuwa kutuluka, maola oposa asanu ndi awiri. Chikondwerero cha Bonnaroo, chimene chidayamba mu 2002 ku Manchester m'chigawo cha Tennessee, chidatengera njira yomweyi, ndipo matikiti ake 70,000 adatha popanda kulengeza m'manyuzipepala kapena pa wailesi.

Mu Ogasiti 2004, ku Coventry m'chigawo cha Vermont, pa dansi imene Phish idati ndi yotsanzika, mvula idasandutsa minda matope ndipo magalimoto amene adali asanafike adauzidwa kuti abwerere. Anthu zikwizikwi adasiya magalimoto ao pamseu waukulu nayenda pansi mitunda yaitali. Adachita zomwe adachita a ku Watkins Glen, koma awa matikiti adali m'thumba. Phish idabwererana mu 2009, ndipo mu 2017 idaimba mausiku 13 ku Madison Square Garden mumzinda wa New York osabwereza nyimbo ngakhale imodzi. Otsala a Grateful Dead adakumananso ku Soldier Field mu Julayi 2015, Trey Anastasio wa Phish ali pamalo pa Garcia, ndipo usiku uliwonse mwa mausiku atatuwo padali anthu ngati 70,000. Phil Lesh adamwalira mu Okutobala 2024.

Tikaiona mbiri yonseyi, funso la ku Toronto lidayankhidwa pawiri. Nyimbo yojambulidwa idakhala ya aliyense, yoyamba pa kaseti, kenaka pa intaneti. Koma usiku weniweniwo, umene subwereranso, udakhala wa amene walipira pakhomo. Yankho limeneli lidapulumutsa mabandi ndi mizinda ya eni, ndipo lidapatsa mudzi uja malo ovomerezeka. Mtengo wake udagwera munthu mmodzi: mnyamata uja wokazinga buledi kumbuyo kwa kabasi kake kuti apeze petulo ya mawa. Iye ndiye adaumanga mudziwo, koma pamene mudzi udazingidwa ndi mpanda wolimba, malo ake adachepa.